Chipeŵa ndi Mkanjo Sizichiritsa Wodwala

Chaka ndi chaka, nyengo yotsiriza maphunziro ikafika, mabwalo a masukulu a ukachenjede amadzaza ndi anthu. Makolo amachokera kutali atavala zovala zopitira ku tchalitchi, ena atanyamula mpunga ndi nkhuku m'mabakuli, ndipo dzina la mwana wawo likaitanidwa amayi amalulutira mpaka mawu kusasa. Chimwemwe chimenechi nchoyenera ndithu, pakuti ambiri mwa makolo otere adagulitsa mbuzi, fodya ndi mtedza, ena mpaka dimba, kuti mwanayo adzavale chipeŵa ndi mkanjo. Koma mwambowo ukatha mkanjo uja umavulidwa, ndipo pakapita miyezi yoŵerengeka mwana yemweyo, ngati adaphunzira za umoyo, amapezeka ali yekha usiku pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, patsogolo pake pali mayi wotaya magazi atangochira kumene, kapena khanda lokomoka ndi malungo. Pa ola limenelo palibe amene amafunsa za chipeŵa. Chofunika chimakhala chimene chidaloŵa m'mutu ndi m'manja mwake pa zaka zonse zimene adakhala pa sukulu.

Nchifukwa chake nkhani ya kaphunzitsidwe m'mayunivesite amene si a boma imakhudza munthu aliyense amene tsiku lina adzagona pa bedi la chipatala kapena kumwa madzi a pa chitsime cha m'mudzi. Yunivesite yotere iyenera kuyesedwa ndi zinthu zitatu: aphunzitsi okhazikika amene ali ndi nthaŵi yocheza ndi ophunzira awo, malo okwanira ophunzirira ntchito ndi manja, ndi mayeso oona. Zina zonse, monga mpanda wopaka utoto ndi zikwangwani za m'mbali mwa msewu, nzokometsera chabe.

Ludzu la maphunziro

Pamene Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 1965, ophunzira ake adali 90 okha, ndipo kalembera wa 1966 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Kwa zaka zoposa 30 yunivesite ya boma idali imodzi yomweyo, kufikira pamene ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Pofika pa kalembera wa 2018 anthu adali atapyola 17 miliyoni, ambiri mwa iwo achinyamata. Maphunziro aulere a pulayimale amene adayamba mu 1994 adatumiza khamu lalikulu ku sekondale, ndipo khamulo litafika pa khomo la yunivesite lidapeza kuti khomolo nlopapatiza. Mayunivesite a boma adafika asanu ndi imodzi mu 2021, Yunivesite ya Malaŵi itagaŵidwa patatu, komabe chaka chilichonse pamakhala anyamata ndi atsikana ambiri amene akhoza bwino mayeso a MSCE, ali ndi makirediti asanu ndi limodzi ofunikawo kuphatikizapo Chingerezi, koma maina awo osatuluka pa mndandanda wa osankhidwa.

Mpata umenewu ndiwo udadzazidwa ndi mipingo pamodzi ndi anthu ena. Sinodi ya Livingstonia idatsegula yunivesite yake mu 2003, mpingo wa Katolika udatsegula yake ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006, a Adventist ali ndi yawo ku Lakeview m'boma la Ntcheu ndi ku Malamulo m'boma la Thyolo, Sinodi ya Nkhoma ilinso ndi yake, ndipo ku Lilongwe kuli ya Daeyang pafupi ndi chipatala cha Daeyang Luke. Palinso ena ambiri a anthu a malonda m'mizinda ikuluikulu. Munthu wonena kuti masukulu ameneŵa ngosafunika sadaonepo mtsikana wanzeru atakhala pakhomo zaka zitatu, akugulitsa zitumbuwa, chifukwa chosoŵa malo. Ndiponso ambiri mwa masukulu ameneŵa ali ndi ubwino wakuti chaka cha maphunziro chimatha pa nthaŵi yake, pamene a boma nthaŵi zina amatsekedwa, monga momwe maphunziro adaimira kwa miyezi yambiri ku Chancellor College mu 2011 pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi.

Si zachilendo

Kuphunzitsa anthu ogwira ntchito za chipatala kunja kwa boma kudayamba kale kwambiri. Dr. Robert Laws, amene adali mbusa ndiponso dokotala wochokera ku Aberdeen, adakhazikitsa sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894. Kumeneko anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito za chipatala, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chitatsegulidwa mu 1911, ophunzira za mankhwala adali ndi odwala pafupi. Mphunzitsi ankagona pa phiri lomwelo limene ophunzira ake ankagona, ndipo amene ankawaphunzitsa m'kalasi m'maŵa ndiye ankaimanso nawo pambali pa wodwala masana. Ku Malamulo, kumene mishoni idayamba mu 1902, sukulu ya za umoyo idakulira pambali pa chipatala chake. Mpaka lero masukulu a pansi pa bungwe la CHAM amaphunzitsa gawo lalikulu la anamwino ndi azamba amene amagwira ntchito m'zipatala za kumidzi.

Mbiri imeneyi ikusonyeza dongosolo limene anthu akale adalitsata: chipatala chinkayamba, aphunzitsi ankabwera kudzakhala pamalopo, ndipo ophunzira ankalandiridwa molingana ndi kuchuluka kwa mabedi ndi aphunzitsiwo. Ngozi ya masiku ano ili pa kutembenuza dongosololi, kuyamba ndi kulengeza pa wailesi, kulandira fizi, kenaka nkuyamba kufunafuna wophunzitsa ndi chipatala chotumizako ophunzira.

Phunziro lochokera ku America

Vuto lotere lidaonekapo kwina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, dziko la America lidali ndi masukulu ambirimbiri a udokotala, ndipo ochuluka adali a malonda, a madokotala oŵerengeka amene ankagaŵana fizi. Bungwe la Carnegie lidatuma mphunzitsi wina, Abraham Flexner, kuti akayendere masukulu onse 155 a ku America ndi ku Canada. Lipoti lake lidatuluka mu 1910, ndipo lidaulula kuti masukulu ambiri ankalandira aliyense wokhoza kulipira, adalibe zipinda zoyezera zokwanira, ndipo ophunzira ena ankatsiriza maphunziro asanagwirepo wodwala kwenikweni. M'zaka zotsatira masukulu makumimakumi adatsekedwa kapena kuphatikizidwa ndi ena.

Chofunika kudziŵa nchakuti sukulu imene Flexner adaitenga ngati chitsanzo chabwino sidali ya boma ayi. Idali ya Johns Hopkins ku Baltimore, yomangidwa ndi chuma chimene adasiya munthu wamalonda, ndipo idayamba kuphunzitsa udokotala mu 1893. Kumeneko Dr. William Osler ankatenga ophunzira ake kupita nawo m'mawodi kukaphunzira pambali pa bedi la wodwala. Kotero sukulu yabwino koposa ndi masukulu oipa koposa onsewo sadali a boma. Chidawasiyanitsa ndi kumene ndalama zinkapita, kaya m'matumba a eni ake kapena kwa aphunzitsi, zipangizo ndi chipatala.

Mphunzitsi wa chikwama m'manja

Yunivesite imene si ya boma kaŵirikaŵiri imadalira fizi pa chilichonse: malipiro, magetsi, madzi ndi ngongole za zomangamanga. Kusunga mphunzitsi wa digiri yachiŵiri kapena yachitatu chaka chonse kumafuna ndalama zambiri, tsono njira yapafupi imakhala kubwereka aphunzitsi a kwina nkumawalipira pa ola. Apa mpamene pamabadwira mphunzitsi wa chikwama m'manja. Lolemba ali pa sukulu ina, Lachitatu pa ina, Loŵeruka pa inanso. Amafika mothamanga, amaŵerenga zimene adalemba, amatumiza manotsi pa foni ya mtsogoleri wa kalasi, ndipo belu lisanalire amakhala ali pa depoti. Phunziro loyenera kutenga milungu 14 limapanikizidwa m'masiku anayi. Alibe ofesi, ndipo wophunzira amene sadamvetse alibe khomo loti nkugogoda.

Mphunzitsi wotere asaweruzidwe msanga, pakuti nthaŵi zambiri chimamuyendetsa ndi malipiro ochepa kapena ochedwa. Ndiponso dokotala, namwino kapena woyang'anira za ukhondo amene amachoka pa ntchito yake kudzaphunzitsa maola oŵerengeka amabweretsa nzeru zimene m'buku mulibe. Cholakwika chimabwera pamene dipatimenti yonse yaima pa alendo okhaokha. Kuphunzitsa kwenikweni kumachitika pamene mphunzitsi wachonga ntchito ya wophunzira ndi cholembera chofiira, nkumuitana, nkumuonetsa pamene adaphonya, nkumupatsanso ntchito ina. Mphunzitsi wokhazikika ndiye amazindikira kuti mnyamata wokhala kumbuyo uja wasiya kubwera, kapena kuti mtsikana uja amaloŵeza mawu osadziŵa tanthauzo lake. M'kalasi ya anthu 150 yokhala ndi mlendo wa Loŵeruka zinthu zotere siziwoneka, mpaka zidzaonekere pa wodwala.

Zimene buku silingaphunzitse

Ntchito za umoyo zimaphunziridwa ndi manja. Wophunzira akhoza kulemba bwino pa pepala kuti chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime ndiponso kumunsi kwake, koma ayenera kuima pa nthaka yeniyeni ndi mfumu ya mudzi, kuona kumene madzi a mvula amaloŵera, ndi kuphunzira kukana mwaulemu malo amene mwini nyumba waumirira. Akhoza kuloŵeza kuti katemera amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, koma ayenera kutsegula furiji m'maŵa ndi madzulo, kuŵerenga choyezera, kulemba pa tchati, ndi kudziŵa chochita magetsi akazima. Nyama ya nkhumba yokhala ndi tinthu toyera tonga njere za mpunga, timene timasanduka njoka za m'mimba mwa munthu, imadziŵika ndi munthu amene adaitumbula ndi mpeni wake pa malo ophera nyama, mphunzitsi ali pambali.

Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga m'mwezi wa March 2022 nkufalikira m'maboma onse, udadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa mliri wotere ntchito yaikulu imagona pa zinthu zazing'ono. Wogwira ntchito ayenera kudziŵa kusungunula magalamu 15 a kolorini wa HTH mu lita imodzi ya madzi kuti apange mankhwala a 1 peresenti ogaŵira mabanja, kudikira mphindi 30 atathira m'madzi akumwa, ndi kuyeza kuti mwatsala kolorini wokwana theka la miligalamu pa lita. Ayenera kusiyanitsa mankhwala a 0.05 peresenti osambira m'manja, a 0.2 peresenti otsukira pansi ndi mabedi, ndi a 2 peresenti othira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala. Akasokoneza ndowa, wina amapsa manja, wina amatenga matenda. Ndipo kupeza mtsempha wa mwana wotha madzi m'thupi kuti aikidwe diripi, pakati pa usiku, ndi kuunika kwa tochi, nluso limene limabwera pobwerezabwereza pamaso pa katswiri.

Tsono zipatala zophunzirira nzoŵerengeka, pamene masukulu otumizako ophunzira akuchuluka. Pa bedi limodzi pamaunjikana ophunzira a mayunifolomu osiyanasiyana, akutsogolo akuona, akumbuyo akungomva. Namwino wa pa wodi, amene ali yekha ndi odwala makumi angapo, amapemphedwa kusaina kabuku kotsimikiza kuti wophunzira wachita ntchito imene iye sadaione. Sukulu imene imangopereka kalata kwa wophunzira nkumuuza kuti akadzipezere yekha chipatala, osatumiza mphunzitsi wake wokamuyang'anira, yatula udindo wake pa mutu wa munthu wotopa kale.

Mayeso ndi fizi

Pa nkhani ya mayeso, sukulu yodalira fizi imakhala pa mphanda. Wophunzira aliyense wochotsedwa chifukwa cholephera ndi ndalama zimene zapita, motero pamakhala chiyeso chofeŵetsa mafunso, chokweza malikisi, ndi chobwerezetsa mayeso mpaka aliyense atadutsa. Mankhwala a vuto limeneli ngodziŵika kale: mafunso ndi mapepala ochongedwa aziunikidwa ndi akatswiri a ku mayunivesite ena amene alibe phindu pa fiziyo, ndipo ofesi ya za chuma isamaloŵerere pa ntchito ya komiti ya mayeso. Masiku ano, pamene wophunzira akhoza kukopera nkhani yonse pa intaneti kapena kuilembetsa kwa kompyuta, mayeso a pakamwa ndi a manja ndiwo afunika kuchulukitsidwa, pakuti pamaso pa mphunzitsi palibe pobisala.

Palinso zoipa zina zimene zimamveka m'masukulu a boma ndi ena omwe, monga kugulitsa malikisi ndi kukakamiza atsikana kuchita chiwerewere kuti akhoze. Sukulu iliyonse iyenera kukhala ndi munthu wodalirika wolandira madandaulo mwachinsinsi, amene si mphunzitsi wa wodandaulayo, ndipo wopezeka wolakwa achotsedwe poyera osati kungosamutsidwa. Mbali inayi, kutsekera wophunzira kunja kwa chipinda cha mayeso m'maŵa wa tsiku lomwelo chifukwa cha ngongole yochepa nkuwononga ntchito ya miyezi inayi. Sukulu ikhoza kusunga zotsatira mpaka ngongole italipiridwa, mwana atalemba.

Kumene ophunzira amagona

Moyo wa pa yunivesite suthera m'kalasi. Masukulu ambiri a m'tauni alibe malo ogona, kotero ophunzira amachita lendi m'makomboni, anthu anayi kapena asanu m'chipinda chimodzi chopanda mazenera okwanira, chimbudzi chimodzi cha nyumba zambiri, madzi otunga pa kiyosiki. Ena amadya kamodzi pa tsiku kuti ndalama zotsala agulire intaneti yotsitsira manotsi. Munthu wanjala ndi wosagona saphunzira, ndipo chipinda chothithikana ndi njira ya chifuwa chachikulu ndi mphere. Sukulu siingamange nyumba za onse, komabe ikhoza kuyendera nyumba za lendi zozungulira, kulemba mndandanda wa zoyenera, ndi kusunga laibulale yotsegula mpaka usiku yokhala ndi magetsi ndi intaneti.

Mlendo wofuna kudziŵa mtima wa sukulu yophunzitsa za umoyo angopempha kuona zimbudzi za ophunzira. Ngati mulibe madzi ndi sopo, ndiye kuti ophunzirawo akulandira maphunziro aŵiri otsutsana tsiku lililonse, lina m'kalasi lina kuchimbudzi, ndipo limene adzalitengere ku ntchito ndi lachiŵirilo.

Udindo wa oyang'anira

Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education ndi lamulo la 2011 kuti lizilembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro awo. Pa za umoyo palinso Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, amene amapereka chilolezo chogwirira ntchito. Mabungwe ameneŵa ndiwo mpanda wa wodwala, ndipo ayenera kupatsidwa anthu ndi galimoto zokwanira. Kuyendera kwa tsiku lolengezedwa kuli ndi malire ake, monga momwe butchala imakhalira yoyera tsiku limene mwini wake akudziŵa kuti kukubwera oyendera. Zipangizo zikhoza kubwerekedwa, ndipo maina a aphunzitsi akhoza kulembedwa pa pepala la masukulu atatu nthaŵi imodzi. Oyendera azifika mwadzidzidzi, aziloŵa m'kalasi, azifunsa ophunzira paokha, ndipo zotsatira za mayeso a chilolezo za sukulu iliyonse zizilengezedwa kuti anthu onse azione.

Komabe nkhwangwa siyenera kukhala chida choyamba. Lipoti la Flexner lija lidasiyanso bala: mwa masukulu asanu ndi aŵiri amene ankaphunzitsa udokotala kwa anthu akuda, adatsala aŵiri okha, Howard ndi Meharry, ndipo anthu osauka adasoŵa madokotala kwa zaka zambiri. Sukulu yofooka koma ya cholinga chabwino ipatsidwe nthaŵi yokonza zinthu, iuzidwe kuchepetsa chiŵerengero cha ophunzira, ndiponso ithandizidwe kutumiza aphunzitsi ake ku maphunziro apamwamba. Yokana kusintha ndiyo itsekedwe, ophunzira ake atapezeredwa kopita.

Safunsa adadya phula

Kholo nalonso lili ndi mphamvu, pakuti ndilo ligwira chikwama. Lisanalipire tambala iliyonse liyenera kufunsa mafunso asanu. Choyamba, kodi phunziro lenilenilo limene mwana akufuna lidavomerezedwa? Kulembetsedwa kwa sukulu nkosiyana ndi kuvomerezedwa kwa phunziro lililonse, ndipo mndandanda wake umapezeka ku bungwe loyang'anira lija. Chachiŵiri, kodi bungwe lopereka chilolezo cha ntchito limawalandira omaliza phunzirolo? Chachitatu, ndi aphunzitsi angati a m'dipatimentiyo amene amagwira ntchito pamalopo mlungu wonse? Chachinayi, ophunzira amakaphunzira ntchito ku chipatala chiti, kwa milungu ingati, ndipo amawaperekeza ndani? Chachisanu, mwa amene adalemba mayeso a chilolezo chaka chatha, adakhoza angati? Sukulu yabwino imayankha mafunso otere mokondwa ndi mapepala m'manja. Imene imakwiya kapena kuzungulira yayankha kale. Ndi bwinonso kucheza ndi wophunzira wa chaka chachitatu kunja kwa mpanda, pakuti akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Eni masukulu nawo akumbukire kuti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Akuluakulu a zipatala sachedwa kuzindikira kuti ochokera ku sukulu yakuti amadziŵa ntchito, ndipo ochokera ku ina ayenera kuyamba aphunzitsidwanso. Mbiri yotere imayenda msanga kuposa kulengeza kwa pa wailesi. Ndalama zimene zikadagula galimoto yatsopano ya mkulu wa sukulu zikalemba ntchito aphunzitsi aŵiri okhazikika, phindu lake silioneka pa tsiku la zipeŵa. Limaoneka patsogolo, pa chipatala chaching'ono chija, pamene namwino wachitsikana wagwira mimba ya mayi wotaya magazi, wadziŵa chochita popanda kutsegula buku, ndipo kutacha mayiyo akuyamwitsa mwana wake.